Mmene mungasankhire chilumba chokapumulirako ku nyanja yamchere mukuchokera ku Blantyre

Munthu wa ku Blantyre akamva mawu akuti "kunyanja" amaganiza za Mangochi, Cape Maclear kapena Salima, ndipo akamva za chilumba amakumbukira Likoma, Chizumulu, Thumbi kapena Domwe. Komabe chaka chilichonse pamapezeka mabanja ndi magulu a anthu ogwira ntchito limodzi amene amasonkherana ndalama kuti akaone nyanja yamchere, ndipo ambiri mwa iwo amasankha kopita atangoona zithunzi pa Facebook, zimene zonse zimaonetsa mchenga woyera ndi madzi oyera mbee ngati kuti zilumba zonse n'zofanana. Zilumba za m'mbali mwa gombe la Mozambique ndi Tanzania zimasiyana kwambiri pa mtengo, pa kutalika kwa ulendo, pa nyengo yoyenera komanso pa zimene mlendo angakachiteko. Kwa ife amene dziko lathu silinagunde nyanja yamchere, chilumba chiyenera kusankhidwa pomalizira, mutadziwa kale mwezi umene mukuyenda ndi msewu umene mudzadutse.

Choyamba, tengani kalendala ndi kulemba mwezi wa tchuthi chanu, musanatsegule chithunzi cha chilumba chilichonse. Gombe la Mozambique limalandira mvula kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndipo miyezi ya Januwale, Febuluwale ndi Malichi ndiyo nthawi imene anamondwe amachuluka. Anthu a ku Blantyre sasowa kuwakumbutsa za zimenezi. Namondwe Freddy, amene anagumula mapiri ndi kukokolola nyumba ku Chilobwe ndi m'mbali mwa phiri la Soche mu Malichi 2023, anayamba wagunda gombe la Mozambique kufupi ndi tauni ya Vilankulo mu Febuluwale chaka chomwecho, kenako anabwerera kunyanja n'kudzalowanso kumtunda kudzera ku Quelimane. Namondwe Idai anasakaza mzinda wa Beira mu Malichi 2019. Choncho ngati tchuthi chanu chagwera m'miyezi imeneyi, zilumba za Mozambique zichotseni pa mndandanda wanu, chifukwa ngakhale namondwe atapanda kubwera, mvula imawononga misewu ndipo maboti amakhala masiku angapo osayenda. Nthawi yabwino kumeneko ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala, pamene kunja kumakhala kouma ndipo kutentha sikusautsa. M'miyezi ya Julayi mpaka Okutobala anamgumi amadutsanso m'madzi a kumeneko.

Ku Tanzania nyengo imayenda mosiyanako pang'ono. Mvula yaikulu, imene eni ake amaitcha masika, imagwa kuyambira Malichi mpaka Meyi, ndipo ina yocheperapo, yotchedwa vuli, imagwa cha mu Novembala ndi Disembala. Zimenezi zikutanthauza kuti banja limene lingathe kuyenda mu Januwale kapena Febuluwale basi likhoza kupita ku Zanzibar n'kukapeza dzuwa, pamene ku Vilankulo likanakapeza mitambo ndi machenjezo a namondwe. Kumbukiraninso za mphepo. M'miyezi imene kwathu kuno mwera umavutitsa asodzi a ku Nkhotakota ndi ku Monkey Bay, m'mbali mwa gombe la Tanzania mumaomba mphepo yochokera kummwera yotchedwa kusi, ndipo ulendo wa pamadzi pakati pa Dar es Salaam ndi Zanzibar umagwedeza kwambiri, makamaka masana. Amene amachita chizungulire pa Ilala asankhe sitima ya m'mamawa.

Chachiwiri, werengani masiku amene muli nawo ndipo muchotsepo masiku a pamsewu, kupita ndi kubwera komwe. Apa ndi pamene maulendo ambiri amasokonekera, chifukwa munthu amapempha tchuthi cha sabata imodzi n'kuiwala kuti masiku anayi adzathera m'basi. Kuchokera ku Blantyre njira zikuluzikulu ndi zitatu. Yoyamba imadutsa ku Thyolo ndi Mulanje mpaka pa chipata cha Muloza, kuwolokera ku Milange, kupita ku Mocuba, kukhotera kumpoto kudzera ku Alto Molócuè mpaka mumzinda wa Nampula, ndipo kuchokera pamenepo kutsata msewu wa ku Nacala mpaka pa Monapo, pamene mumapatukira ku chilumba cha Ilha de Moçambique. Ulendo umenewu muukonzere masiku awiri, ndi kugona ku Mocuba kapena ku Nampula, chifukwa kuyenda usiku m'misewu yachilendo si chinthu choyenera kuchiyesa. Njira yachiwiri imadutsa pa chipata cha Mwanza, kulowera ku Zóbuè ndi Tete, kutsikira ku Chimoio ndi Inchope, kenako kulowera kummwera, kuwoloka mtsinje wa Save mpaka ku Vilankulo, kumene maboti opita ku zilumba za Bazaruto amanyamukira. Imeneyi ndi yaitali kuposa yoyamba ija, ndipo msewu wa kummwera kwa Inchope wakhala ukudziwika ndi maenje. Amene ali ndi ndalama amakwera ndege pa Chileka kupita ku Johannesburg, n'kusinthira ina yopita ku Vilankulo. Njira yachitatu ndi ya kumpoto, kudzera ku Mzuzu ndi Karonga mpaka pa chipata cha Songwe, kupita ku Mbeya, kenako basi kapena sitima ya pamtunda ya TAZARA mpaka ku Dar es Salaam. Pamsewu ulendowu sungachepere masiku awiri athunthu, pamene pa ndege mukhoza kufika tsiku lomwelo. Sitima yothamanga ya pamadzi yochoka ku Dar es Salaam imafika ku Zanzibar patatha pafupifupi maola awiri.

Mukachotsera masiku a pamsewu n'kutsala ndi masiku osakwana atatu, musapite kutali koteroko. Ndipo ngakhale mutatsala ndi masiku asanu kapena asanu ndi limodzi, uphungu wanga ndi wakuti musankhe chilumba chimodzi chogonapo, zina zoyandikana nazo muzikangozionera masana n'kubwerera. Kusamuka chilumba ndi chilumba kumadya ndalama za maboti ndi tsiku lathunthu lomanga ndi kumasula katundu.

Chachitatu, khalani pansi ndi amene mukuyenda nawo ndipo mugwirizane chinthu chimodzi chimene mukufuna kwambiri, kaya ndi kusambira, kuona mbiri yakale, kuona zamoyo za m'madzi, kapena kungokhala pamalo abata. Mukagwirizana chimenechi, zilumba zimadzisankha zokha.

Ngati mtima wanu uli pa mbiri ndi moyo wa anthu, ndipo thumba lanu si lolemera, pitani ku Ilha de Moçambique. Ine ndimachiika patsogolo kwa aliyense wa ku Blantyre amene akupita koyamba, ndipo chifukwa chachikulu n'chakuti simufunika boti kuti mufikeko: pali mlatho wotalika makilomita opitirira atatu, wopapatiza moti galimoto ziwiri zimapatsana mpata pa malo ochepa okuzidwa, ndipo minibasi zimakufikitsani pachilumba penipeni. Chilumbachi n'chaching'ono, pafupifupi makilomita atatu m'litali, ndipo mukhoza kuchizungulira wapansi m'mawa umodzi. Vasco da Gama anafikapo mu 1498, ndipo chinali likulu la Apwitikizi m'dera lonselo mpaka mu 1898 pamene likulu linasamukira ku Lourenço Marques, mzinda umene lero ndi Maputo. Kumapeto kwake kwa kumpoto kuli linga la São Sebastião, ndipo kuseri kwa lingalo, pamphepete penipeni pa madzi, kuli kachalichi ka Nossa Senhora de Baluarte kamene kanamangidwa mu 1522. Bungwe la UNESCO linaika chilumbachi pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1991. Mbali ya kumpoto ndi ya nyumba zamiyala, zina zokonzedwanso, zina zogumuka mitengo itamera m'makoma, pamene mbali ya kummwera, yotchedwa Macuti chifukwa cha madenga a masamba a kokonati, ndi kumene anthu ambiri amakhala.

Chimene chinandigwira mtima kumeneko sichinali linga ayi. Tinali ndi mnzathu wa ku Phalombe amene anakulira kwa agogo ake olankhula Chilomwe, ndipo m'mawa wina pamsika wa nsomba anamva amayi awiri, nkhope zawo zitapakidwa phala loyera la musiro, akukambirana za mtengo m'Chimakhuwa. Anawapatsa moni m'Chilomwe, iwo anatembenuka n'kumuyankha, ndipo ngakhale mawu ena ankasemphana, anamvana mpaka anatisankhira okha nsomba yabwino n'kutilozera kwa munthu woti akatiwotchere. Chilomwe ndi Chimakhuwa n'zapachibale, ndipo munthu wa ku Mulanje, Thyolo kapena Phalombe safika ku Ilha ngati mlendo weniweni. Dziwani chabe kuti magombe a pachilumbapo si onse oyenera kusambirapo, chifukwa anthu ndi ambiri pamalo ochepa. Ofuna kusambira amachita hayala ngalawa ya matanga kupita ku kachilumba ka Goa, kamene kali ndi nsanja ya nyale younikira sitima, kapena kuwolokera ku gombe la Chocas.

Ngati chimene mukufuna ndi madzi oyera ndi nsomba zamitundumitundu, yang'anani ku zilumba za Bazaruto, zomwe ndi Bazaruto, Benguerra, Magaruque, Santa Carolina ndi Bangué. Dera lonseli ndi malo otetezedwa kuyambira mu 1971, ndipo kuyambira mu 2017 likusamalidwa mothandizana ndi bungwe la African Parks, lomwe lija timalidziwa ku Majete ndi ku Liwonde. M'madzi amenewa mukupezekabe nyama yosowa kwambiri yotchedwa dugong, imene imadya udzu wa pansi pa nyanja, ndipo pachilumba cha Bazaruto pali milu ya mchenga yaitali ngati timapiri. Koma malo ogona a pazilumbazi ndi okwera mtengo kwambiri ndipo amalipiritsa m'madola. Njira imene munthu wolandira makwacha angaikwanitse ndi kugona ku Vilankulo, kumtunda, n'kumalipira ulendo wa tsiku limodzi pa boti. Magaruque ndiye ali pafupi kwambiri ndipo ndi woyenera ana ndi osadziwa kusambira bwino. Pofunsa mtengo wa boti, funsani ngati aphatikizamo chindapusa cholowera m'malo otetezedwa, chakudya chamasana ndi magalasi osambirira, chifukwa mtengo wooneka wotsika nthawi zina umakhala kuti zimenezi mulibe.

Zanzibar ndiye woyenera gulu la anthu ofuna zosiyanasiyana, monga banja limene muli agogo, achinyamata ndi ana aang'ono. Dzina lakuti Zanzibar limaimira zilumba zingapo, ndipo chimene alendo ambiri amapitako ndi Unguja, pamene Pemba ali chakumpoto, ndi wabata, ndipo amadziwika ndi minda ya zokometsera zakudya zotchedwa karafuu (cloves). Ku Unguja kuli mzinda wakale wa Stone Town, nkhalango ya Jozani yokhala ndi apusi ofiirira amene amapezeka ku Zanzibar kokha, ndi kachilumba ka Changuu kokhala ndi akamba akuluakulu. Malo ogona alipo a mitengo yonse. Mmalawi asachokeko asanalowe m'tchalitchi cha Anglican cha Christ Church, chimene chinamangidwa pamalo pamene panali msika wa akapolo umene unatsekedwa mu 1873. Ambiri mwa anthu amene ankagulitsidwa m'misika ya gombe limeneli ankachokera m'madera ozungulira nyanja yathu ya Malawi, atawolotsedwa kuchokera ku Nkhotakota n'kuyendetsedwa wapansi mpaka ku Kilwa. M'tchalitchimo muli mtanda wosemedwa kuchokera ku mtengo umene pansi pake anakwirirapo mtima wa David Livingstone ku Chitambo, ndipo amishonale a bungwe la Anglican la UMCA amene anamanga tchalitchichi ndi omwewo amene pambuyo pake anakamanga tchalitchi chachikulu cha St Peter's ku Likoma. Pamalo pamenepo mbiri imene tinkaloweza kusukulu imasanduka nkhani ya makolo athu enieni.

Kummwera kwa Dar es Salaam kuli zilumba zina ziwiri. Mafia ndi wa anthu okonda kusambira pansi pa madzi, ndipo kuyambira cha mu Okutobala mpaka Febuluwale kumabwera nsomba zikuluzikulu zofatsa zotchedwa whale shark, koma kufikako kumafuna ndege yaing'ono kapena ulendo wautali wa pamadzi kuchokera ku Nyamisati. Kilwa Kisiwani ndi wa mabwinja a mizikiti ndi nyumba zachifumu, ndipo amaonedwa masana amodzi kuchokera ku Kilwa Masoko. Zonse ziwirizi zisungireni ulendo wachiwiri.

Chachinayi, mukasankha chilumba, sankhaninso mbali ya chilumbacho, ndipo apa muyenera kumvetsa chinthu chimene nyanja yathu sinatiphunzitse. Madzi a nyanja yamchere amaphwa ndi kudzaza kawiri pa tsiku chifukwa cha mphamvu yokoka ya mwezi, ndipo kusinthaku kumakula kwambiri mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangooneka kumene. Ulendo wanga woyamba ku Unguja tinagona kugombe la kummawa, ndipo titafika madzulo madzi ankamenya pafupi ndi khonde. M'mawa mwake ana anavala zosambirira n'kuthamangira panja, koma anapeza nyanja itathawira kutali kwambiri moti mafunde ankangooneka ngati kamzere koyera. Pamalo pamene panali madzi panali amayi atakhala m'timadzi tofika m'mapazi, akumangirira ndere za m'nyanja ku zingwe zokokedwa pakati pa tizikhomo, ndipo wamng'ono wathu analira poganiza kuti nyanja yauma ngati dambo la m'chilimwe. Madzi anabwerera masana, koma m'masiku onsewo tinkasambira pa nthawi imene nyanja yalola. Choncho ngati kusambira ndiye cholinga chanu, sankhani kumpoto, ku Nungwi kapena Kendwa, kumene madzi sathawira kutali. Ngati mukufuna bata ndi kuyenda pamchenga wautali, Paje ndi Jambiani kummawa adzakukomerani. Nthawi ya kuphwa ndi kudzaza kwa madzi a tsiku lililonse imapezeka pa intaneti ngakhale miyezi ingapo ulendo usanafike, ndipo ndi yomweyo imene imalamula nthawi imene maboti a ku Vilankulo ndi ngalawa za ku Ilha zinganyamuke. Poyenda pamalo pamene madzi aphwa valani nsapato zapulasitiki, chifukwa pamakhala tizilombo taminga tobisala m'miyala, ndipo muyambe kubwerera kumtunda madzi asanayambe kudzaza.

Chachisanu, fufuzani za chitetezo ndipo muchotse malo amene sali bwino, ngakhale atakhala okongola chotani. Zilumba za Quirimbas, kuphatikizapo Ibo, zili m'chigawo cha Cabo Delgado kumene zigawenga zakhala zikuchita ziwembu kuyambira mu Okutobala 2017, ndipo sindingalangize banja lililonse kupitako panopa. Kumbukiraninso kuti zisankho za ku Mozambique za mu Okutobala 2024 zitachitika, kunabuka zionetsero zimene zinatseka misewu ikuluikulu kwa masabata angapo. Sabata yoti munyamuke mverani nkhani, ndipo funsani madalaivala a mathiraki ndi mabasi amene amadutsa njira yanuyo, chifukwa iwo amadziwa za msewu msanga kuposa wina aliyense.

Chachisanu ndi chimodzi, konzani mapepala ndi ndalama molingana ndi dziko limene mwasankha. Mmalawi wopita kukacheza kwa masiku ochepa safunika viza ku Mozambique kapena ku Tanzania, koma pasipoti ikhale yotsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo isanathe, ndipo mwana aliyense akhale ndi chiphaso chake. Polowa ku Zanzibar pasipoti imaonedwanso ngakhale mwachokera ku Dar es Salaam, ndipo kuyambira mu Okutobala 2024 boma la kumeneko linakhazikitsa inshuwalansi yoti alendo ochokera kunja azigula, choncho funsani za imeneyi pogula tikiti. Opita pa galimoto yawo ku Mozambique atenge buku la galimoto, akadulitse chilolezo cholowetsera galimoto ndi inshuwalansi pachipata, ndipo m'galimotomo mukhale zikwangwani ziwiri zochenjezera za makona atatu ndi chovala chonyezimira, chifukwa apolisi apamsewu amazifunsa. Nkhani ya ndalama zakunja muiyambe miyezi iwiri kapena itatu ulendo usanafike, popeza tonse tikudziwa mmene madola amavutira kupezeka m'mabanki athu. Ku Mozambique mudzagwiritsa ntchito metical ndipo ku Tanzania shilingi, ndipo ndi bwino kufika pachilumba muli ndi ndalama zapamanja zokwanira masiku angapo, chifukwa makina otapira ndalama ndi ochepa kunja kwa matauni. Malungo aliko kumadera onsewa monga kwathu kuno, choncho neti kapena mafuta othamangitsa udzudzu musaziiwale.

Anthu ambiri a ku Zanzibar, Mafia ndi Ilha de Moçambique ndi Asilamu. Zovala zosambirira zithere pamchenga, ndipo polowa m'tauni kapena m'mudzi amayi amange chitenje ndi kuphimba mapewa, abambo avale malaya. Ngati ulendo wanu wagwera m'mwezi wa Ramadan, malo ambiri odyera a m'tauni amatseka masana, ndipo kudya kapena kumwa poyera pamsewu n'kupanda ulemu kwa eni mudzi.

Chomalizira ndi boti lenilenilo, tsiku limene mukuwolokera ku chilumba kapena ku tizilumba toyandikana nacho. Matikiti a sitima ya ku Zanzibar gulani pa ofesi ya kampani yake padoko, osati kwa anyamata amene adzakuzungulirani mukangotsika galimoto. Pa maboti ang'onoang'ono ndi ngalawa za matanga, musanalipire onani ndi maso anu majekete oyandamitsa ndipo muwawerenge kuti akwanire aliyense, kuphatikizapo a msinkhu wa ana. Funsani ngati ngalawayo ili ndi injini yothandizira mphepo ikaleka, gwirizanani nthawi yobwerera kuti mufike kumtunda dzuwa lisanalowe, ndipo lipirani theka ponyamuka, theka linalo mutabwerera. Uzani a pamalo pamene mukugona dzina la boti ndi nthawi imene mukuyembekezeka kufika. Tengani madzi akumwa ochuluka kuposa amene mukuganiza kuti mufuna, chifukwa mosiyana ndi ku Cape Maclear, madzi amene akuzungulirani simungamwe ngakhale dontho, ndipo foni ndi pasipoti muziike m'thumba lapulasitiki lomanga bwino. Mwini boti akanena kuti lero nyanja sili bwino, musamukakamize ndiponso musapite kukafuna wina wovomera. Sinthani tsiku, ndipo n'chifukwa chake powerenga masiku anu muyenera kusiya tsiku limodzi lopanda pulogalamu iliyonse.